Kasitima ka Abambo Kaima

Kaphuka, Dedza
14 Juni 1996

Okondedwa achimwene a Ephraim,

Muli bwanji ku Limbeko, pamodzi ndi alamu? Ife kuno tilipo, kungoti kwazizira, nkhungu siikuchoka m'phiri.

Ndalemba chifukwa cha kasitima kamagetsi ka abambo, koseweretsa kaja anabwera nako atapuma ntchito ya njanji ku Bulawayo. Kaleka kuyenda. Batire ndinakalitchajitsa ku Mayani, ndipo wailesi ikulira nalo bwinobwino. Nditalumikiza mawaya, kagetsi kakutsogolo kanayaka, injini n'kumang'ung'udza, koma mawilo osasuntha. Ndinaona kuti njanji zachita dzimbiri, ndiye ndinazikwecha ndi phulusa ngati poto, kenako n'kuzipaka mafuta a makina osokera. Wokonza mawailesi pamsika wandikalipira kuti mafutawo atsekereza magetsi. Ndapukuta mpaka zala kuwawa, koma tsopano kakununkha waya wopserera. Nanga ine ndikanadziwa bwanji? Amene munkakamasula ndi abambo ndinu, ine ankandituma kukatunga madzi.

Mukudziwa kuti abambo amavomera phala pokhapokha kasitimaka kakamazungulira patebulo. Chiimireni sabata yatha, akungokhala pampando atafunda bulangeti, maso ali panjanji. Dzulo anandifunsa kuti, "Mayi, sitima ya Ephraim yachedweranji?" Dzina langa sanalitchule. Ansembe abwera kawiri kale kudzawapempherera.

Ndilembereni chochita ndi mawayawa. Koma ngati kufotokoza m'kalata n'kovuta, bwerani mudzakaone nokha. Musadikire tchuthi cha Khirisimasi.

Ndine mlongo wanu,
Marita