Khomo 8080 ndi Jekete la Ababa

Lolemba, 8 Julaye

Katundu wa achimwene a Benedict wafika kuchokera ku Joni: kamera ndi karauta ka intaneti kolowetsa simu kadi. Akuti ndiike pabalaza kuti aziwaona ababa, poti matenda akuwafooketsa. Kuimba foni ndiye ayi. Awiriwa sanalankhulanepo chigulitsireni achimwene makina osokera a ababa kuti apeze ya ulendo. Mkhalapakati ndine, wosalipidwa.

Kamera ndaikhazika pamwamba pa kabati. Ndikakhala m'nyumba muno ikuonetsa bwinobwino pafoni panga, ndi mawu omwe. Ku Joni, zii. Achimwene akuti nditsegule khomo mu rauta. "Si ndiwe mphunzitsi wa kompyuta?" Ndati mawa zitheka. Matama anga ine Tawina!

Lachiwiri, 9 Julaye

Ndalowa mu rauta. Ndatsegula khomo 8080, ndalilozetsa ku adiresi ya kamera, yothera ndi 100. Ndiye kuti achimwene akagogoda ali kutali, rauta iziwatsegulira n'kuwafikitsa pa kamera. Kunena n'kosavuta. Kwawoko kathayala kodikiritsa kakungozungulira pafoni.

Ababa andipeza ndili pa laputopu. "Kachidiso ako n'ka Benedict?" Ndati ee. "Akundiona?" Ndati ee, akukuonani.

Sindikudziwa chinandilowa pakamwa. Ndimati bodza la tsiku limodzi silipha munthu.

Lachinayi, 11 Julaye

Ndabwera kuchokera kusukulu, ndapeza ababa atavala jekete la kutchalitchi, tsitsi lopesa, atakhala moyang'anizana ndi kabati. Mawondo pamodzi ngati akujambulitsa chiphaso. Amayi akuti chiyambire dzulo ndi choncho, masana onse. "Nkhalamba yapeza chibwenzi," akutero uku akuseka. Ine kuseka kwandikanika.

Ndakwera kabaza mpaka pa Njuli kwa a Bilal okonza mafoni. Angoyang'ana kamodzi. "Achemwali, simu izi adiresi yake mumagawana ndi anthu ambirimbiri. Wogogoda adziwa bwanji nyumba yanu? Pemphani yanuyanu kukampani." Ndapempha.

Loweruka, 13 Julaye

Adiresi yathuyathu atipatsa. Komabe zii!

Ndazimitsa, ndayatsa. Ndasintha 8080 kukhala 8081, ndabwezanso. Chiperoni chachita kulowa m'zala. Ababa anandiitana kuti ndiwawerengere Uthenga wa mawa, maso awo sathanso zilembo. Ndinati ndikubwera. Pomwe ndimadzutsa mutu anali atasinza m'jekete momwemo.

Achimwene akuti ndingowajambula ababa kavidiyo pafoni nditumize. Ndakana. Ababa akandiona ndikuwaloza foni adziwa kuti kachidiso kaja n'kakhungu. Ndati dikirani, zatsala pang'ono.

Lamulungu, 14 Julaye

Amayi anapita ku mapemphero a limana. Ine ndinali kuseri kwa katani ndi laputopu, ababa osadziwa. Ndangomva akukonza kummero.

"Benedict. Ndine bambo ako." Kenako apitiriza. "Za makina zija, zinatha. Maso anali atapita kale, ndikanasoka chiyani? Ndinangopsa mtima kuti sunandipemphe. Ubwere, mwanawe. Ubwere ndikadali ndi mpweya."

Adikira. Adikirabe. Kenako andiitana. "Wati chiyani?" Ndati kamerayi siibweretsa mawu a uko. Chimenecho chokha ndiye choona chomwe ndanena sabata yonse. Agwedeza mutu. "Bola wamva."

Kamera ilibe kakadi kosungira. Palibe chatsala, ngakhale liwu limodzi. Mtima ukundiwawa. Ndinalemba uthenga kwa achimwene, ndinafufuta. Ndikawauza ine ati ndikupeka kuti ndiwagwirizanitse, ndimawadziwa. Amve okha. Khomo likatseguka ndiwauza ababa kuti netiweki inavuta, abwereze.

Lachiwiri, 16 Julaye

Ababa agwa m'mawa popita kubafa. Tili kuchipatala cha mishoni. Akuti sitiroko. Pakamwa papotoka, mawu sakutuluka. Akungondiyang'ana.

Achimwene ndawauza za kugwako. Zinazo ayi.

Lachitatu, 17 Julaye

Ndinabwerera kunyumba kudzatenga bulangeti ndi fulasiki. Pabalaza rauta ili gwa, yozima. Pa soketi pake pali wailesi ya amayi.

Amayi ndawaimbira kuchipatala. Akuti soketi yabwino ndi imodzi yomweyo, ndiye m'mawa uliwonse amazula kanthu kanga kuti amvere pemphero la kolona pa wailesi, akatha amabwezera ndisanaone. Dzulo ndi chipwirikiti chija anaiwala. "Si kamangokhala, sikalankhula? Ndimati kapumeko. Ndalakwa?" Ndati ayi, amayi, simunalakwe.

Ndayatsa, ndayang'ana mndandanda wa zolumikizidwa. Kamera ili pa 104. Rauta ikayaka imaipatsa nambala ina, ndipo ine chiyambire Lachiwiri lija ndakhala ndikutsegulira khomo ku 100, kopanda kanthu. Pafoni panga inkaoneka chifukwa m'nyumba foni imaifufuza yokha. Zimenezi ndimaphunzitsa ana a Fomu 3! Kuimangirira pa nambala imodzi kuti isamasinthe sikunanditengere ndi nthawi yowiritsa tiyi yomwe. Loweruka ndikanangoyang'ana pamenepa. Ndikanangoyang'ana basi.

Ndisanatseke laputopu foni yanjenjemera. Achimwene.

"Zatheka! Ndikuona pabalaza. Kabati sindikuiona koma mpando wa ababa uwo." Kenako wina: "Jekete lakutchalitchi likutani pamenepo pakati pa sabata?"

Lili pomwe analikoleka Lolemba madzulo, chipeso chikusuzumira m'thumba. Kenako ndalichotsa, ndakhala pampandopo, ndaliika pamiyendo. Kuchokera apa kachidiso kaja kamakuyang'ana pamphumi penipeni, sindinkadziwa.

Ndalemba kuti, "Achimwene, kwezani mawu. Ndikufuna mumve zomwe ababa ananena Lamulungu, ndikubwerezerani ndine."

Ayankha kuti akweza.