Mlamba Wotsala M'bokosi la Ababa

Balaka, Lachitatu

Achemwali anga a Zaina,

Asalaam aleikum. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu a Sidik ndi ana onse. Nanga mwendo wanu uja unasiya kutupa? Kuno ine ndi mlamu wanu Fauziya tikudzuka ndithu, koma ababa sali bwino. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni mumandidula mawu, ndipo nkhani iyi ndikufuna muimve mpaka kumapeto.

Mukukumbukira mmene tinakanganirana tsiku limene ndinadzawatenga ababa atadwala sitiroko. Inu munati munthu amene wakalambira m'bwato pa nyanja ya Chiuta sangakhale m'nyumba ya lendi. Ine ndinati chipatala chili kuno ku Balaka osati kwa Kawinga, ndipo ndinayankhula mwamwano. Kuchipatalako timapita nawo Lachiwiri lililonse, amawawongola mkono ndi mwendo, koma mbali ya kumanja ikadali yofooka ndipo mawu satuluka. Chimene chinandiopsa n'chakuti anayamba kukana chakudya. Fauziya akawapatsa phala ankalandira masipuni awiri, kenako n'kutembenukira kukhoma.

Ndiye ndinaganiza zowabweretsera nsomba zamoyo kuti maso awo apeze poyang'ana. Ndinatenga bokosi lawo lamatabwa lija, limene ankasungiramo zosokera maukonde, n'kuchotsa thabwa la kutsogolo, n'kuikapo galasi la zenera. Mayi Modester, aphunzitsi oyandikana nafe nyumba, anandilangiza kuti ndiyale pulasitiki mkati monga anachitira kusukulu kwawo. Ndinawaseka. Ndinati ine ndine mwana wa mmisiri wa mabwato, za madzi sangandiphunzitse munthu wa choko. Ndinatseka ming'alu ndi nsanza, n'kusungunula phula m'chitini, n'kumata mkati monse monga tinkachitira ndi bwato kwathu.

Ababa ankandionerera ali pamkeka pakhonde. Nditangoyamba kupaka phula anayamba kumenya pansi ndi dzanja lamanzere, akubuula. Ine ndinakondwa, mpaka ndinaitana Fauziya kuti adzaone mmene fungo la phula lawakumbutsira kunyanja. Ndinawauza kuti adekhe, ntchito yatsala pang'ono. Iwo anapitiriza kumenya pansi mpaka chikhatho chinafiira.

Bokosilo silinadonthe ngakhale pang'ono, pamenepo pokha ndisaname. Loweruka ndinapalasa njinga mpaka kwa Nsamala, kwa a Raymond amene ali ndi madamu a nsomba, ndipo ndinabwerako ndi timakumba khumi ndi kamlamba kamodzi m'chidebe. Nditatitsanulira m'bokosi, ababa anadzikoka pamkeka mpaka mphumi inagunda galasi. Tsiku limenelo anamaliza phala lonse. Achemwali, ndinapita kuseri kwa nyumba kukalira ndi chimwemwe.

M'mawa mwake pamwamba pa madzi panali patayandama mafuta, timakumba tikungoyasama. Pofika masana tonse khumi tinali titagadama. Ababa anationa tikufa kamodzikamodzi, pakuti anakana kuti tiwachotse pamenepo. Apo mpamene ndinakumbukira kuti bwato akalimata amayamba aliviika masiku ambiri, ndipo ababa sankalola kuti tiikemo ngakhale nyambo yamoyo phula lisanasukuluke. Kumenya pansi kuja ankandiletsa. Mayi Modester atasuzumira pampanda anangoti safunsa anadya phula. Ndinawaphera ababa nsomba pamaso pawo, m'bokosi lawo lomwe, eni ake akundichenjeza ine osamva. Mtima ukundiwawa mpaka lero.

Kamlamba kokha ndiko kanatsala, mukudziwa mmene mlamba umalimbira. Ndinakabwezera m'chidebe ndi madzi a pamjigo. Kenako ndinagwada pafupi ndi ababa n'kuwalonjeza kuti phula lonse ndipala, ndiyala pulasitiki, ndikatenga nsomba zina. Anandigwira dzanja mwamphamvu, ndipo patatha miyezi inayi ali duu, mawu anatuluka.

"Iyayi. Ukakatule kwawo."

Analoza chidebe, kenako anadzigunda pachifuwa kawiri. Nthawi ino ndinamva.

Kuyambira tsiku limenelo sanadyenso kanthu, akungomwa tiyi pang'ono, ndipo lero ndi tsiku lachitatu. Dzulo adokotala anandiuza kuti tikasiya chipatala panopa ndiye kuti mwendo wawo uja tautaya mpaka kalekale. Ine ndikuona kuti tikawasunga kuno titaya munthu yense. Usiku wonse ndakhala ndikulingalira koma sindinapeze yankho lina, choncho ndavomera kuti munanena zoona.

Pempho langa ndi limodzi. Muwauze alamu a Sidik atichingamire pa Ntaja ndi ngolo Loweruka likubwerali, pakuti pa njinga yamoto ababa sangakhazikike. Inu musese chipinda chawo chija ndipo muyale mkeka pakhomo loyang'ana kudambo. Ngati muli ndi mawu oti mundinene, ndipo ndikudziwa kuti alipo ambiri, mudzandinene ababa atadya kaye. Ndidzakhala pansi n'kumvetsera osayankha.

Mundiperekere moni kwa amalume Che Imran, muwapemphe atichitire pemphero la duwa paulendowu. Moni kwa azakhali a Rashida ndi kwa ana nonse. Fauziya akuti mumusungireko mpunga wa kudambo, wa kuno wamutopetsa.

Bokosi lija ndilisiya kuno, sindikufuna kuti ababa alionenso. Chidebe ndicho achikumbatira, salola munthu kuchisuntha, ndipo adzachinyamula pamiyendo m'minibasi. Madzi ndikumasintha m'mawa uliwonse, ndipo kamlamba kakusambirabe. Mundipempherere kuti onse awiri ndikawafikitse ali moyo.

Ine mlongo wanu,
Shafiq