Chigafa chija sichilowanso fodya

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Ife kuno ku Nachisaka tilipo. Kwa mchimwene wanga Yohane kwabadwa mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Chimanga chacha bwino, koma mbuzi yanu yamakani ija ikuthyolabe mpanda.

Nkhani yaikulu ndi ya sukulu yanu ya mkombaphala. Titangokuikani m'manda, ana anayamba kuchepa. Ndinkaimba khasu lanu loitanira ana lija m'mawa uliwonse, koma ankabwera asanu okha. Ataona zimenezo, a malume anati chigafa chimene anakubwerekani kuti muziphunzitsiramo akuchifunanso, ayanikemo fodya. Mukundidziwa, pamaso pa akulu lilime langa limalemera. Ndinalira, Amayi, chifukwa ndinaona ngati ndikukuikani kachiwiri.

Mnzanga wa ku Mvera anandiuza kuti wailesi ya m'dera lathu imalola anthu kulankhula za ana, choncho ndinapita. Mawu onse ndinakonzera amayi anzanga, koma ndinasankha nthawi ya m'mawa. Ine kupusa! Nthawi imeneyo amayi ali kumunda, ndipo wailesi imakhala ndi abambo kuzigafa, komwe akusoka fodya.

Nditakhala pa makina a wailesi, pepala limene ndinalembapo mawu aja ndinangolipinda. Ndinanena zimene munkakonda kunena inu zija: “Mbande za fodya mumathirira kawiri pa tsiku, koma mwana mumati adikire mpaka adzagwire khutu. Nanga mbande yeniyeni ndi iti?”

Nditabwerera kumudzi, palibe mayi ndi mmodzi yemwe amene anandimva. Ndinati basi, ndapita pachabe. Loweruka a malume anafika pakhomo nkhope ili gwa.

“Iwe Esinati, wandichititsa manyazi Dowa yense akumva.”

“Dzina lanu sindinatchule, malume.”

“Sunatchule, inde. Koma mawu aja ndi a mlongo wanga. Ndinali ndi anzanga tikusoka, ndinangoika singano pansi.”

Sanapepese, mukuwadziwa achimwene anu. Anangofunsa ngati denga la chigafa likudonthabe, n'kunyamuka. Madzulo ake ndinawaona ali pamwamba ndi abambo ena atatu, akufolera.

Lolemba ndinaimba khasu, ndipo njinga zinayamba kufika. Abambo amene sankadziwa ndi komwe kuti ana awo amaphunzirira kuti, anabwera nawo okha, wina atamukhazika kutsogolo, wina kumbuyo. Phala linachepa. Mukadaseka, Amayi, kuona a malume atagwada, akumanga nsapato ya kamdzukulu kawo ndi chingwe cha fodya.

Fodya wawo chaka chino ayanika kwa anzawo. Ati chigafa ndi chanu.

Ndakusowani kwambiri. Ndikulonjeza kuti khasu lanu silidzachita dzimbiri, ndipo kamnzanu ka dzina kakadzangoyamba kuyenda, ndidzakatengera kuchigafa ndekha, kasanagwire khutu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati