Bambo Alonjerana ndi a Inshuwalansi

Amake Aggie,

Mukapeza kulibe ine musadabwe, ndathamangira kwa dokotala ku Clondalkin. Zandivuta, pepani.

Ndinaimbira a inshuwalansi ija tinasankhira bambo anu, yolipira ndi kugonekedwa m'chipatala komwe. Zonse zimayenda bwino mpaka pamene mayi wapafoniyo anapempha kumva mawu a mwiniwake. Anangowafunsa kuti ali bwanji. Bambo mukuwadziwa, munthu akawalonjera samubisira kanthu. Anayamba ndi bondo, nkubwera pamsana, chifuwa cha mu June, mpaka ng'ombe ija inawaponda ku Dedza mu 1987. Ine kuwakodola kuti basi, iwo akuti ndisawadule pakamwa, mlendo womvetsera chonchi sanamuonepo. Mayiyo ndiye amangolemba.

Tsopano akufuna kalata ya dokotala pa chilichonse, ndi ng'ombe yomwe, lisanafike la Friday. Apo ayi inshuwalansi satipatsa, ndipo popanda iyo mapepala a immigration oti bambo akhalebe kuno kunja sayenda, bambo abwerera kumudzi.

Fomu ili pafiriji, sainani pomwe ndachonga. Akaimbanso, chonde yankhani nokha. Bambo ndawasiya atavala jekete, akhala pafupi ndi foni. Akuti anaiwala za njoka.

Ndine wanu wopanda matenda,
Tarsizio