Ana asanu a Dina

Okondedwa amalume,

Ndikhulupirira muli bwino ku Karongako. Kuno kwa Maganga kwangotentha basi. Agalu anu osaka aja onse anayi ndinawabayitsa katemera wa chiwewe, ndipo nkhupakupa ndimawachotsa Loweruka lililonse monga munandiphunzitsira.

Dina waswa ana asanu. Mudabwa, chifukwa munati chaka chino apume, asakumane ndi mphongo. Nyengo yake itafika ndinamutsekera payekha, koma tsiku lina ndili kusukulu anakumba pansi pa waya. Nditaweruka ndinakamupeza kugombe, kumathandala oyanikapo usipa, ndipo sanali yekha.

Anawo ndi onenepa, akuyamwa bwino. Za makutu awo mudzaona nokha.

Azakhali akuti tiwagulitse msanga asanakule, kuti ogula asazindikire zoti bambo wawo si galu wosaka. Ndakana. Ndawauza kuti inu simunanamizepo munthu za mtundu wa galu.

Ndikukumbuka kuti galu wanu uja Suzi atachita zomwezi munamupereka kwa alonda a ku Lilongwe. Ngati mwaganiza chimodzimodzi, chonde dikirani ndimalize kaye mayeso. Chichokereni inu, ndikafika pakhomo amene amadzuka kundilandira ndi Dina yekha.

Ine mphwanu,
Yesaya