Akuti Tadala Avule

Amayi, kaya mukudzuka bwanji kumeneko? Kuno ku Bembeke chisanu chayamba msanga, m'mawa chifunga chikumafika mpaka pakhonde. Kachewere wachita bwino kudimba kwanu kuja, koma kabichi yense anatha ndi mbozi. Ndikudziwa mukanati ndi ulesi wanga, ndipo sindikanatsutsa. Alamu anachira bwino, mwana ndi wamkazi, tamupatsa dzina lanu. Pakamwa napo watengera inu, akalira mudzi wonse umadzuka.

Chandilembetsa ndi mdzukulu wanu Tadala. Paja bambo ake akamamukalipira za mpira munkati, "Msiyeni, miyendo ndi yake." Pano akusewera timu ya atsikana ku boma. Watalika, mapewa ndi otambalala, mawu ndi aakulu ngati a malemu atate.

Loweruka lapitali atagoletsa kachiwiri, a timu inayo anaimitsa mpira, amvekere uyu ndi mwamuna. Azimayi a mbali yawo anamuzungulira, akuti apite naye kuseri kwa kalasi akamuvule, aone okha. Anyamata kunja kwa bwalo ali, "Achimwene! Achimwene!" kwinaku akufa ndi phwete. Ine ndinataya beseni la mandasi n'kuthamangira pomwepo, ndikukuwa kuti mwanayu ndinabala ndine. Mayi wina anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Nanga inu mungavomere? Mayi saulula za mwana wake." Palibe anandimvera, amayi. Ndinachepa ngati mwana.

Tadala sanalire. Anawerama, n'kumanga bwino zingwe za nsapato, n'kuponda mpira. "Sindivula. Tiyeni tisewere." Mpira unathera pomwepo. Oyendetsa mpikisano agamula kuti asalowenso m'bwalo mpaka azimayi atamuona.

Kuchokera tsiku limenelo nkhani yafika paliponse, kuchigayo, kumjigo, ngakhale kukwaya, komwe anzake anasuntha pabenchi iye atakhala. Bambo ake akuti asiye basi, adzasowa womukwatira. Koma mdzukulu wanuyu ndi nkhutukumve ngati inu nomwe. Kukangocha wavala juzi, uyo, kuthamanga chokwera phiri m'chifunga, pobwera n'kusenza ndowa ngati palibe chachitika. Kulira amalirira kubafa. Amathira madzi mwaphokoso kuti ndisamve, koma ndimamva, ndipo ndimangoima kuseri kwa mpanda ndi manja awiri opanda ntchito.

Inu ndi amene munamulandira pobadwa, munamusambitsa ndi manja anu. Mukanakhalapo mukanamanga chitenje m'chiuno n'kukaima pakati pa bwalo paja, ndipo ndani akanayankha? Ine mawu anga salemera. Ndimuuze chiyani? Akavula asewera, koma adzayenda bwanji pamaso pa anthu amenewo? Akakana, ndiye kuti amulanda chinthu chokhacho chimene chimamusangalatsa. Ndasowa nzeru, amayi, mtima ukundipweteka.

Dzulo wandiuza kuti Loweruka likubwerali apita ndithu. Akavala yunifolomu yake n'kukaima pamzere mpaka mpira utatha, amulowetse asamulowetse. Ndamufunsa kuti nanga akayambanso kukukuwiza? Akuti, "Atopa okha, amama."

Kuwaletsa sindingathe, kuwatseka pakamwa sindingathe. Chimene ndikukulonjezani n'chakuti sakaima yekha. Mandasi sinditenga. Ndikaima pambali pake, phewa ndi phewa, kuti akamaseka azitiseka tonse awiri.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Esinati