Tambula ya Arcesio

Lolemba, 1 Julayi

Mwezi wathunthu popanda maliro a mfuti mu La Marea muno. Ine Eleuterio, wosimba nthano pa maliro kuyambira ndili ndi mano onse, ntchito yandithera. Nthano zikuwolera m'kamwa. Basi ndiziuza pepala, ndi malembo anga okhota ngati miyendo ya nkhanu.

Saturnino, mnzanga wa madomino, akuti, "Aise, iwe ndi wokhoma mabokosi ndinu nokha amene mtendere ukukuwawani." Galu ameneyu. Koma ndinaseka. Ana akumenya mpira pamsewu mpaka dzuwa kulowa. Ndinali nditaiwala kuti ana amasokosa.

Loweruka, 6 Julayi

Sajeni Yolima anabweranso. Wapolisi wa dera lino lokha, woyenda pansi, wodziwa dzina la aliyense ndi la agalu omwe. Akale aja ankangodutsa pa galimoto, magalasi otseka, kudzatola mtembo basi. Uyu amakhala pakhonde, kumwa khofi wa mkazi wanga Tomasa, n'kumadandaula kuti shuga wachuluka. Koma kapu amamaliza.

Akuti akuluakulu ake anaitana atsogoleri a anyamata a mfuti, a kuno ndi a ku Palo Seco kutsidya kwa mlatho. Mawu ake amodzi: mtembo ukapezeka m'dera lanu, polisi yonse igwera inuyo. Kuyambira pamenepo mfuti zii.

Arcesio, mwana wathu, wasangalala. Akuti ayamba kuwoloka mlatho kukagulitsa nsomba ku Palo Seco. Zaka zonsezi wa kuno sapondako. Mayi ake: "Mlathowo unalapa liti?" Iye kungoseka, n'kutola nthochi yokazinga m'mbale yanga. Bambo wa ndevu zake, koma dzanja ndi lomwe lija.

Lachinayi, 18 Julayi

Arcesio sanabwere. Anachoka Lachiwiri m'mawa. Wilibala yake yapezeka pa mlatho, nsomba zilimo, ntchentche zokhazokha.

Amasiya nsomba ndani?

Loweruka, 20 Julayi

Kuchipatala. Kosungira mitembo. Kudoko. Kwa mkazi anasiyana naye uja. Palibe. Ku Palo Seco ndinawoloka ndekha, nkhalamba saiwerengera. Aliyense maso pansi. Mayi wina wogulitsa makala anandigwira dzanja nthawi yaitali.

Tomasa akumusungirabe mpunga wa kokonati, mbale yovundikira.

Lachitatu, 24 Julayi

Sajeni anabwera, khofi sanamwe. "Agogo, popanda mtembo ndilemba kuti wasowa. Kuti waphedwa sindingalembe." Ndinafunsa, osowawo alipo angati? Anayang'ana ku mitengo ya m'matope kumene madzi a m'nyanja amalowa n'kutuluka. Kenako motsitsa mawu: "Anyamata aja anamva bwino. Tinati mtembo usapezeke."

Wapempha boti kwa akuluakulu ake, akuti adikire. Dzulo anapita yekha ndi bwato la Saturnino madzi ataphwa, matope mpaka m'chiuno. Anabwera ndi nsapato imodzi. Si ya Arcesio. Ya mwana wa munthu wina.

Amayi oimba pa maliro anabwera kudzazonda. Tomasa anawabweza pakhomo: "Mwafa ndani muno?" Koma madzulo ndinamuona akuika tambula ya madzi pansi pa tebulo, monga timachitira ndi akufa athu, kuti mzimu uzimwa usananyamuke. Popanda kandulo, popanda pemphero. Analemba mzere pa tambulayo ndi sopo. "Akapanda kumwa, ali moyo."

Lachisanu, 26 Julayi

Madzi a m'tambula atsika. Nanga ndi malata awa, kutentha kumeneku, angalephere kuuma? Ngakhale m'nyumba yosafa munthu angatsike. Ndani angamuuze Tomasa?

Ndinawonjezera Tomasa asanadzuke, mpaka pa mzere. Anabwera, anawerama, anapuma. Anakatsuka mpunga.

Ndanama pa maliro a anthu ambiri, bodza la nthano, loti amasiye aseke pang'ono. Ili ndi lolemera.

Lachinayi, 1 Ogasiti

Wailesi: mwezi wa Julayi palibe anaphedwa mu La Marea ndi Palo Seco. A meya akuti mizinda ina ibwere idzaphunzire. Loweruka kuli magule pabwalo. Saturnino anazimitsa wailesi, n'kuyamba kusakaniza madomino, osagawa.

Ndipo n'zoonadi, ana akusewera. Ndikuwamva pano. Sindingati onse athawire m'nyumba chifukwa cha wanga. Koma wangayo ali mbali iti? Kwa amoyo kulibe, kwa akufa akumukana.

Sajeni akuti amukweza udindo. Ananena ngati akupepesa maliro.

M'mawa uliwonse, jagi m'manja, pansi pa tebulo. Maondo atupa.

Lamulungu, 4 Ogasiti

Tomasa wandipeza. Ndili chogwada, jagi m'manja. Sanakalipe. "Bambo a Arcesio, maondo anuwo ndimawamva m'mawa uliwonse, amalira ngati chitseko cha tchalitchi." Ndinati ndi kutentha, mayi, madzi amauma okha. "Kaya ndi kutentha. Lekani mwana amwe, apite."

Watulutsa malaya oyera a Arcesio, wawayala pa tebulo, manja ake kuwapinda pachifuwa. Makandulo. Watuma mawu kwa oimba aja. Mpunga wa m'mbale wapatsa agalu. Sajeni anafunsa ngati angabwere. Tomasa: "Abwere, chipewa asiye kunyumba."

Akuti ndisimbe nthano ya nkhanu imene inakwatira mwana wa wansembe, imene Arcesio ankaikonda. Mipando ikubwera. Saturnino akukhoma lona panja, akutukwana misomali.

Ndapita kuseri kukayesa mawu. Nkhanu yakana kubwera. Ikubwera ina, imene sindinaimvepo kwa aliyense. Panali munthu wina, wokamba kwambiri, anali ndi mwana mmodzi, ndiye tsiku lina mwanayo...